Ufa, wonga ndi malisiti: mafunso ndi mayankho pa unduna wa za nkhondo wa United States m'zaka zake zoyamba

Mbiri ya asilikali imakonda kutchula akazembe ndi malo omwe anamenyerapo nkhondo. Mafunso ali m'munsimu ndi a mbali ina, yomwe ophunzira mbiri amafunsa akangoyamba kuwerenga makalata a nthawiyo: ankagula nsapato ndani, ufa unkafika bwanji kumalire, nanga ndalama zikasowa ankagwidwa ndani? Nkhani yathu yagona kwambiri pa zaka za 1784 mpaka 1802, dziko la United States likadali khanda.

Kodi unduna wa za nkhondo unayamba liti, ndipo unali waukulu bwanji?

Nyumba ya Malamulo ya dzikolo, yotchedwa Congress, inakhazikitsa undunawu pa 7 Ogasiti 1789. Nduna yoyamba inali Henry Knox, yemwe kale ankagulitsa mabuku ku Boston asanakhale mkulu wa mizinga pa nkhondo yomenyera ufulu. Ntchitoyi sinali yachilendo kwa iye chifukwa anali akuigwira kale kuyambira 1785 m'boma lofooka lomwe linalipo malamulo aakulu a dziko asanalembedwe.

Mukamva mawu akuti unduna musaganize za chinyumba chosanja chodzaza anthu. Knox anayamba ndi makalaliki owerengeka pa zala za dzanja limodzi ndi mesenjala, m'zipinda zalendi. Ofesiyi inasamuka limodzi ndi boma: inali ku New York mpaka 1790, ku Philadelphia mpaka 1800, kenako ku Washington. Ngakhale ili ku Philadelphia, matenda a yellow fever akabuka ankalongedza mabuku n'kuthawira ku Trenton, ngati mmene zinachitikira mu 1798 ndi 1799.

Knox atachoka kumapeto kwa 1794, mpando unapita kwa Timothy Pickering chaka chimodzi chokha, kenako James McHenry kuyambira 1796 mpaka Meyi 1800, Samuel Dexter miyezi yochepa, ndi Henry Dearborn kuyambira 1801.

Dziko loti langopambana nkhondo linakhala bwanji ndi asilikali ochepa chonchi?

Linachita dala. Mu Juni 1784 Congress inabalalitsa asilikali onse otsala kupatula 80: anthu 55 olondera katundu ku West Point ndi 25 ku Fort Pitt. Tsiku lotsatira inavomereza gulu latsopano la anthu 700, lomwe anamupatsa Josiah Harmar kuti alitsogolere.

Zifukwa zinali ziwiri. Choyamba, thumba la boma linali mbee. Chachiwiri, anthu ambiri ankaopa gulu la asilikali lokhalitsa, poti ankaliona ngati ndodo ya mafumu opondereza. Manthawa anali ndi pogwira, chifukwa mu Juni 1783 asilikali osalipidwa anazungulira nyumba yomwe Congress inkakumaniramo ku Philadelphia, aphungu mpaka kuthawira ku Princeton. N'chifukwa chake malamulo aakulu a dzikolo amanena kuti ndalama za asilikali a pamtunda zisavomerezedwe kwa nthawi yoposa zaka ziwiri. Amene akufuna kumvetsa zonse zotsatirazi agwire mfundo imeneyi: aphungu ankaopa kwambiri kuti ndalama zingabedwe kapena kukuza asilikali, kuposa mmene ankaopera kuti msilikali angagone ndi njala.

Kodi ofesiyi inkangoona za nkhondo zokha?

Ayi, ndipo apa m'pomwe ambiri amadabwa. Ubale wonse ndi mitundu ya eni nthaka, monga Creek, Cherokee, Shawnee ndi Miami, unali m'manja mwa nduna ya za nkhondo mpaka 1849. Ndiye kuti makalaliki omwewo ankawerengera mabulangete, nsalu, makasu ndi mendulo zopita kwa mafumu a mitunduyi malinga ndi mapangano. Cha m'ma 1795 ndi 1796 boma linatsegulanso masitolo ake ochitira nawo malonda, oyamba ku Coleraine m'dera la Georgia ndi ku Tellico m'dera la Tennessee.

Panalinso penshoni ya olumala pa nkhondo yomenyera ufulu, ndi ziphaso za malo omwe asilikali akale analonjezedwa: maekala 100 kwa msilikali wamba, 500 kwa kanelo. Kuyambira 1794 anawonjezeranso kumanga malinga m'madoko a m'mphepete mwa nyanja yamchere, komanso kumanga zombo zankhondo zomwe tazifotokoza pafupi ndi kumapeto.

Msilikali wamba ankalandira chiyani?

Lamulo la pa 30 Epulo 1790 linandandalika zonse. Phoso la tsiku limodzi linali paundi imodzi ya nyama ya ng'ombe, kapena magawo atatu mwa anayi a paundi ya nyama ya nkhumba, paundi imodzi ya buledi kapena ufa wa tirigu, ndi kathothi ka mowa waukali kokwana mamililita pafupifupi 60. Paundi ndi magalamu pafupifupi 450. Pa maphoso 100 aliwonse ankawonjezera mchere, viniga, mapaundi awiri a sopo ndi paundi imodzi ya makandulo. Ndiwo zamasamba mulibe m'ndandandawo. Asilikali okhala pamalinga ankalima timadimba tawo.

Zovala za chaka chonse zinali chipewa chimodzi, jekete imodzi, kajekete kam'kati kamodzi, mathalauza awiri a ubweya ndi awiri a nsalu yopepuka, malaya anayi, nsapato mapeyala anayi, masokosi mapeyala awiri ndi bulangete limodzi. Nsapato zinayi pachaka zikumveka zambiri, koma zinali zosokedwa ndi opanga otchipa, ndipo m'matope a ku Ohio zina zinkang'ambika pa masabata ochepa.

Malipiro anali madola atatu pamwezi, koma dola imodzi ankadula ya zovala ndi ya mankhwala, n'kutsala awiri. Mu 1792 anasiya kudula, mu 1795 anakweza kufika madola anayi, ndipo chakumapeto kwa zaka khumizo anafika asanu. Munthu wolima ganyu ankapeza zoposa pamenepa, choncho olemba asilikali ankavutika kupeza anthu, ndipo othawa usilikali anali ambiri.

Ndani ankapereka chakudyacho, boma kapena amalonda?

Amalonda. Boma linkalengeza m'manyuzipepala kuti likufuna munthu wodyetsa asilikali pamalo akutiakuti kwa chaka, amalonda n'kutumiza mitengo yawo, ndipo wopambana ankasaina kontirakiti ndi kubweretsa anthu omuikira chikole. Mtengo unkawerengedwa pa phoso limodzi, ndipo unkakwera malinga ndi kutalika kwa linga kuchokera kumene kuli minda.

Papepala zinkaoneka zanzeru, poti boma silinkalemba anthu ogula, osunga kapena ophika. Vuto linali lakuti phindu la kontirakitala linkachokera pa kusiyana kwa mtengo wolembedwa ndi ndalama zomwe wawononga. Ufa wowawa, nyama yowonda ndi mahatchi ochepa zinali phindu kwa iye. Komanso sanali msilikali, choncho kazembe sakanamulamula kapena kumuzenga mlandu wa usilikali. Chomwe kazembe akanatha n'kukana katundu woola, kugula wina pa mtengo wokwera m'dzina la kontirakitalayo, n'kulemba kalata yodandaula yomwe inkatenga masabata kuti ifike ku Philadelphia. Asilikali akangokhala pamalo amodzi dongosololi linkayenda ndithu. Akanyamuka kulowa m'nkhalango, linkagwa.

Katundu ankafika bwanji kumalire a kumadzulo?

Ulendo unali wa zigawo zitatu, ndipo chilichonse chinali ndi tsoka lake. Zovala, mfuti, wonga ndi mankhwala zinkakwera ngolo ku Philadelphia n'kudutsa mapiri a Allegheny kufika ku Pittsburgh, mtunda wa makilomita pafupifupi 480, ulendo wa masabata atatu kapena kuposa. Ku Pittsburgh kunali Isaac Craig, yemwe kwa zaka zambiri ankalandira katunduyo, kumangitsa mabwato afulati ndi kuwatumiza mu mtsinje wa Ohio mpaka ku Fort Washington, komwe lero kuli mzinda wa Cincinnati. Mtsinjewu ukaphwa m'chilimwe mabwato ankatitimira pamchenga, ndipo m'nyengo yozizira madzi ankaundana.

Gawo lachitatu ndi lomwe linkapha. Kuchokera ku Fort Washington kulowera kumpoto kunalibe msewu, kupatula womwe asilikali adula okha ndi nkhwangwa. Katundu ankayenda pamsana pa mahatchi, ndipo ng'ombe zodzaphedwa zinkayenda zokha ndi miyendo. Hatchi nayo imadya. Udzu ukauma ndi chisanu, inkayenera kunyamula chimanga chake chomwe, ndiye kuti mtunda ukamatalika, gawo la katundu wofika kwa msilikali linkacheperachepera. Ankhondo a eni nthaka ankadziwa bwino zimenezi, ndipo kawirikawiri ankasiya linga n'kukabisalira mzere wa mahatchi.

Kodi chinachitika n'chiyani mu 1791, poti nkhani iliyonse ya undunawu imabwerera pamenepo?

Mu Okutobala 1790 Harmar anagonja kwa ankhondo a Miami ndi anzawo. Boma linakonza ulendo wina chaka chotsatira, motsogozedwa ndi Arthur St. Clair. Anayenera kunyamuka mu Julayi, koma anachoka mu Seputembala, chisanu chili pafupi.

Kontirakiti ya chakudya inali m'manja mwa William Duer, yemwe anali atangosiya kumene udindo waukulu ku unduna wa za chuma. Duer anali munthu wa mabizinesi ambirimbiri nthawi imodzi. Ndalama zomwe boma linamupatsiratu kuti agule ufa ndi mahatchi, zambiri anazilowetsa m'malonda ake a malo ndi a mapepala a ngongole, anthu ake kumalire n'kutsala manja ali m'khosi. Chomwe chimanunkha kwambiri n'chakuti chaka chomwecho Duer ndi nduna Knox anali pamgwirizano wogula malo okwana maekala pafupifupi 2 miliyoni ku Maine. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada: mu Malichi 1792 malonda a Duer anagwa, anagwetsa nawo anthu ambiri ku New York, ndipo iye anatsekeredwa m'ndende ya angongole. Anamwalira mu 1799.

Mbali ya zida ndi mtengatenga inali ya Samuel Hodgdon, yemwe udindo wake unkatchedwa Quartermaster. Iye anachedwa ku Philadelphia ndi ku Pittsburgh ndipo anafika kwa St. Clair mu Seputembala. Asilikali anapeza nkhwangwa zochepa komanso zosalimba, mahema othonya, zishalo zonyamulira katundu zosakwana pamsana pa mahatchi, ndi mfuti zina zothyoka. Mahatchi ankamasulidwa usiku kuti adye popanda mabelu kapena zomangira miyendo zokwanira, ambiri n'kusowa.

Ali m'njira phoso linadulidwa. Asilikali olembedwa kwa miyezi isanu ndi umodzi anayamba kunena kuti nthawi yawo yatha. Pa 31 Okutobala anthu pafupifupi 60 anathawa, ndipo kunamveka kuti akufuna kukalanda ufa womwe unali m'njira. St. Clair anatumiza gulu lake labwino koposa, First Regiment, kuti likateteze ufawo. Choncho m'mamawa wa pa 4 Novembala 1791, pamene ankhondo a eni nthaka otsogozedwa ndi Little Turtle ndi Blue Jacket anazungulira msasa m'mbali mwa mtsinje wa Wabash, asilikali odziwa ntchito kunalibe. Mwa anthu pafupifupi 1,400, oposa 600 anaphedwa, osawerengera amayi ndi ana omwe ankatsatira gululo.

Tisanamizane kuti ufa wokha ndi umene unagonjetsa St. Clair. Eni nthaka ankateteza kwawo, anakonzekera bwino ndipo anamenya mwaluso, pomwe St. Clair sanamange n'komwe mpanda usikuwo. Koma gulu lomwe anakumana nalo linali litafooka kale ndi njala ndi chisanu.

Alipo amene analangidwa?

Pa 27 Malichi 1792 aphungu anasankha komiti yofufuza, koyamba m'mbiri ya dzikolo kuti Congress ifufuze zochita za boma. Komitiyo itapempha mapepala, Pulezidenti George Washington anakambirana ndi nduna zake ndipo anagwirizana kuti pulezidenti angathe kubisa zomwe zingavulaze dziko, koma panthawiyi anapereka zonse. Lipoti la pa 8 Meyi 1792 linayeretsa St. Clair n'kuloza chala pa kuchedwa, pa Hodgdon ndi pa makontirakitala. Knox ndi Hodgdon anadziteteza ndi mulu wa mapepala, lipoti lachiwiri mu Febuluwale 1793 linafewetsako mawu, ndipo nkhani inathera pomwepo. St. Clair anasiya usilikali koma anakhalabe bwanamkubwa wa dera la kumpoto chakumadzulo kwa mtsinje wa Ohio. Hodgdon anachoka pa udindowo, koma posakhalitsa anapatsidwa makiyi a nyumba zonse zosungiramo katundu wa asilikali, monga tikuonera pa funso lotsatira.

Nanga boma linasintha chiyani pambuyo pake?

Lamulo la pa 8 Meyi 1792 linalanda unduna wa za nkhondo mphamvu yogula. Kugula ndi kusaina makontirakiti kunapita ku unduna wa za chuma, womwe nduna yake inali Alexander Hamilton. Lamulo lomwelo linakhazikitsa akauntanti wa unduna wa za nkhondo, woyamba Joseph Howell, komanso wolipira asilikali wokhala pafupi ndi likulu lawo, Caleb Swan, yemwe anagwira ntchitoyi mpaka 1808.

Maudindo ena anabwera pang'onopang'ono. Mu Epulo 1794 kunabwera woyang'anira katundu wa asilikali, Superintendent of Military Stores, ndipo ameneyu anali Hodgdon uja. Mu Febuluwale 1795 kunabwera wogulira boma katundu, Purveyor of Public Supplies, woyamba Tench Francis. Ndiye tangoganizani ulendo wa jekete imodzi. Kazembe kumalire alembera nduna ya za nkhondo. Ndunayo ipempha a za chuma. Francis agula nsalu n'kupereka kwa osoka. Hodgdon alandira, awerenga, asunga, ndipo satulutsa popanda chilolezo cholembedwa. Quartermaster anyamula. Akauntanti adikira malisiti a onsewa. Aliyense anali ndi buku lake, koma panalibe mmodzi woti mungamugwire pakhosi jeketeyo ikafika chisanu chitatha.

Zimenezi zinaonekera mu 1794 pamene boma linasonkhanitsa anthu pafupifupi 13,000 kukathetsa chipolowe cha alimi a kumadzulo kwa Pennsylvania okana msonkho wa mowa waukali. Knox anali ku Maine kukaona malo ake, ndipo Hamilton ndi amene anayendetsa zonse, kuyambira mabulangete mpaka ngolo. Mu Julayi 1798 Congress inabweza mphamvu yogula kwa nduna ya za nkhondo, koma wogula katundu uja anakhalabe wa ku unduna wa za chuma, akulandira malamulo kuchokera mbali zingapo.

Ndalama zinkatuluka bwanji, ndipo akaunti inkatsekedwa bwanji?

Choyamba nduna inkapereka chiyerekezo cha chaka, Congress n'kuvomereza ndalama pa mitu yake: malipiro, phoso, zovala, chakudya cha mahatchi, zachipatala, ndi zina. Msungichuma wa dziko sankatulutsa kobiri popanda chikalata cholamula, chosainidwa ndi nduna ya za nkhondo ndi kusainidwanso ndi akauntanti.

Ndalama ikangoperekedwa kwa ofisala, kaya wolemba asilikali kapena wogula chimanga, inkalembedwa ngati ngongole pa dzina lake. Ngongoleyo inkafafanizidwa pokhapokha atabweretsa umboni: malisiti osainidwa, ndandanda ya asilikali omwe analipo tsiku lowerenga, ndandanda ya malipiro yokhala ndi siginecha kapena chizindikiro cha aliyense wolandira, ndi malipoti a katundu wolowa ndi wotuluka. Akauntanti akamaliza, ntchito yake inkaunikidwanso ndi akuluakulu a ku unduna wa za chuma. Lisiti ikasowa kapena ikalembedwa molakwika, ndalamayo inkakhalabe pamutu pa ofisalayo, ndipo boma linkatha kumudula malipiro kapena kumusumira. Akamwalira, nkhani inkatsalira mkazi wake ndi omuikira chikole.

Dzina lomwe mudzakumana nalo kwambiri ndi la William Simmons, akauntanti kuyambira 1795 mpaka 1814. Makalata ake ndi aafupi ndi ouma: akaunti yanu ndaiona, zakutizakuti ndakana chifukwa palibe umboni, mwatsala ndi ngongole ya madola akuti ndi masenti akuti. Ankakangana ndi akazembe, ndi nduna zomwe, pa ndalama zomwe iye ankaona kuti lamulo silinazilole. McHenry analimbana naye, ndipo pomaliza Pulezidenti James Madison anamuchotsa mu 1814 atayambana ndi nduna John Armstrong. N'zosavuta kumuseka munthu wotere, koma m'boma lomwe munali anthu ngati Duer, panafunika wina wouma mutu. Cholakwa sichinali chake. Chinali chakuti malamulo anaika mlonda wamaso pa ndalama, koma pa ufa ndi nyama sanaikepo wofanana naye.

Kodi malipiro ankafika pa nthawi yake?

Kawirikawiri ayi. Ndandanda ya asilikali inkayenera kuchoka kumalire kupita ku Philadelphia, kuunikidwa, kenako ndalama n'kunyamulidwa ndi ofisala kudzera njira yomweyo ya mapiri ndi mtsinje. Ndalama zachitsulo n'zolemera ndipo zinali zosowa, choncho nthawi zambiri ankatumiza mapepala a banki, omwe kumalire amalonda ankawalandira monyinyirika. Lamulo la 1794 linanena kuti malipiro asamachedwe kuposa miyezi iwiri, komabe asilikali a m'malinga akutali ankadikira kuposa pamenepo. Podikirapo ankakongola kwa ogulitsa mowa ndi fodya otsatira msasa, ndipo tsiku la malipiro ndalama zinkangodutsa m'manja.

Nanga kazembe Anthony Wayne zinamuyendera bwanji pomwe St. Clair analephera?

Anakana kufulumira. Atapatsidwa gulu latsopano lotchedwa Legion of the United States mu 1792, anatha nyengo yozizira akuliphunzitsa pa msasa wa Legionville pafupi ndi Pittsburgh. Quartermaster wake, James O'Hara, anali wamalonda wodziwa bwino dera la Ohio ndipo ankakhala komweko, osati ku likulu. Mu Okutobala 1793 Wayne ataona kuti chakudya sichikukwanira, anaima n'kumanga linga la Greenville m'malo mokakamira kupita patsogolo. Anamanganso Fort Recovery pamalo penipeni pomwe St. Clair anagonjera, kenako Fort Defiance, kuti katundu aziyenda kuchoka pa linga lina kufika pa lina ndi operekeza.

Musaganize kuti makontirakitala anasintha mtima. Wayne anakhala akulimbana ndi Robert Elliot ndi Eli Williams, akuwanena kuti alibe mahatchi okwanira, mpaka analamula O'Hara kuti agule mahatchi ndi chakudya yekha. Pa 30 Juni 1794 ankhondo ambiri a eni nthaka anaukira mzere wa mahatchi pa Fort Recovery n'kutenga mahatchi mazana, koma linga silinagwe. Elliot mwiniwake anaphedwa panjira pafupi ndi Fort Hamilton mu Okutobala chaka chomwecho.

Atafika m'zigwa za Auglaize ndi Maumee, asilikali anadya za m'minda ikuluikulu ya chimanga ya eni nthaka, ndipo atapambana pa Fallen Timbers pa 20 Ogasiti 1794 anatentha midzi ndi minda yotsala. Njala yomwe inasautsa St. Clair, Wayne anaitembenuzira kwa adani ake. Pangano la Greenville la Ogasiti 1795 linalanda eni nthaka gawo lalikulu la Ohio, posinthana ndi katundu wa madola 20,000 ndi wina wa madola 9,500 chaka chilichonse. Katunduyo ankagulidwa ndi kuwerengedwa m'mabuku omwe aja a nsapato za asilikali.

Mfuti zinkachokera kuti?

Poyamba zinali zotsala za nkhondo yomenyera ufulu, zambiri zochokera ku France, zosungidwa ku West Point, Springfield, Philadelphia ndi malo ena, zikuchita dzimbiri. Lamulo la 1794 linalola boma kukhala ndi mafakitale akeake. Ya ku Springfield, m'dera la Massachusetts, inatulutsa mfuti 245 mu 1795, zotengera mtundu wa Chifalansa wa Charleville. Ya ku Harpers Ferry, malo omwe Washington anasankha yekha, inachedwa ndipo inayamba kutulutsa mfuti zaka za m'ma 1800 zitangoyamba.

Mu 1798, nkhondo ndi France ikununkhira, Congress inavomereza madola 800,000 ogulira zida, ndipo makontirakiti anaperekedwa kwa amisiri oposa 20. Wotchuka ndi Eli Whitney, yemwe analonjeza mfuti 10,000 pa madola 13.40 iliyonse m'zaka ziwiri ndi miyezi yochepa, alibe fakitale ya mfuti ngakhale imodzi. Boma linkamupatsiratu ndalama mobwerezabwereza. Mfuti 500 zoyamba zinafika mu 1801, zomaliza mu 1809.

Zombo zankhondo zinalowa bwanji m'manja mwa unduna wa asilikali a pamtunda?

Kunalibe kwina kozipereka. Lamulo la pa 27 Malichi 1794 linalamula zombo zisanu ndi chimodzi, ndipo Knox anazigawa m'madoko asanu ndi limodzi kuti madera ambiri adyepo. Mapulani anajambula Joshua Humphreys. Mitengo yolimba ya mafupa a zombo inkadulidwa pa chilumba cha St. Simons ku Georgia, komwe amisiri ochokera kumpoto anadwala malungo, ntchito yambiri n'kugwiridwa ndi akapolo obwerekedwa, malipiro ake akupita kwa eni awo. Zitatu zinalowa m'madzi mu 1797: United States ku Philadelphia, Constellation ku Baltimore ndi Constitution ku Boston. Ndalama zinapitirira zomwe anayerekeza, aphungu anafunsa mafunso, ndipo pa 30 Epulo 1798 anakhazikitsa unduna wapadera wa asilikali a pamadzi pansi pa Benjamin Stoddert.

Dongosolo limeneli linatha liti?

Linayamba laipiraipira. Gulu lalikulu lomwe linalembedwa mu 1798 poopa France linavutika ndi kusowa zovala, Hamilton, yemwe tsopano anali kazembe m'gululo, akudzudzula nduna McHenry kosalekeza, ndipo linabalalitsidwa mu Juni 1800 lisanamenye nkhondo. Lamulo la pa 16 Malichi 1802, m'nthawi ya Pulezidenti Thomas Jefferson, linachepetsa asilikali n'kuthetseratu udindo wa Quartermaster General, m'malo mwake kuika anthu wamba atatu ogulira ndi kutumiza katundu. Pa zinthu zazing'ono makinawa ankagwirabe ntchito: mu 1803 Meriwether Lewis anatenga katundu wa ulendo wake wopita kunyanja ya Pacific kudzera mwa Israel Whelen, wogulira boma, ndi nkhokwe ya Schuylkill ku Philadelphia, mfuti n'kutenga ku Harpers Ferry.

Nkhondo ya 1812 yolimbana ndi Britain inabwezanso mavuto onse a 1791, pa asilikali ochuluka. Nthambi za mtengatenga ndi zida zinakhazikitsidwa mothamanga chaka chomwecho. Mu 1817 ofesi ya akauntanti inathetsedwa, ntchito yake n'kupita kwa ofufuza mabuku a ku unduna wa za chuma. Ndipo mu 1818, John C. Calhoun ali nduna, boma linaleka zosiya phoso m'manja mwa kontirakitala: ofisala wa usilikali, George Gibson, anapatsidwa udindo wogula chakudya chambiri nthawi imodzi ndi kuchigawa kudzera mwa asilikali anzake. Panali patadutsa zaka 27 chigonjere St. Clair.

Ndamva kuti mapepala a undunawu anapsa. Nanga zonsezi tikuzidziwa bwanji?

Anapsadi. Usiku wa pa 8 Novembala 1800, patangopita miyezi yochepa boma litasamukira ku Washington, moto unanyeketsa nyumba yalendi yomwe munali ofesi ya nduna pa Pennsylvania Avenue. Mu Januwale 1801 moto wina unabuka ku unduna wa za chuma. Poti chipani cha Pulezidenti John Adams chinali chitangogonja pa chisankho, otsutsa anafalitsa zoti akuwotcha umboni wa ndalama, koma komiti ya aphungu itafufuza sinapeze umboni wakuti wina anayatsa dala.

Chomwe chinapulumutsa mbiriyi ndi chizolowezi chomwe chija chokopera chilichonse. Kalata iliyonse yochoka kwa nduna inali ndi woilandira yemwe anaisunga. Kazembe aliyense, wolipira asilikali, wosunga katundu, onse ankakopera makalata awo m'mabuku podziteteza kuti tsiku lina akauntanti angadzawafunse. Mabuku a ofesi zomwe zinatsala ku Philadelphia moto sunawakhudze. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 wolemba mbiri Theodore Crackel ndi anzake anayendayenda m'nkhokwe za mapepala akale kusonkhanitsa makope amenewa, ndipo ntchitoyo inadzapitirira ku George Mason University. Lero mapepala oposa 40,000 a zaka za 1784 mpaka 1800 ali pa intaneti, ndipo anthu ongodzipereka akhala akuthandiza kutayipa zolembedwa pamanjazo.

Mukawatsegula musayembekezere kupeza malipoti a nkhondo pa tsamba lililonse. Ambiri ndi a Simmons akukana lisiti, a Hodgdon akulamula kuti migolo ya wonga ikwere ngolo ya ku Pittsburgh, ndi a amayi amasiye akufunsa za malipiro a amuna awo.